Mayi Muhiwa Anakana Kuuza Ankhoswe

Mayi Muhiwa tinawaika m'manda kwawo kwa Mwambo mpunga utayamba kucha. Bambo amene anawerenga mbiri yawo pa mwambo wa maliro ananena kuti malemuwa anayenda Malawi yense kufunsa amayi za maneti a udzudzu ndi katemera wa ana, ndipo anthu anagwedeza mitu. Ine ndinali kumbuyo, pakati pa amayi a mpingo, ndikuluma mlomo, osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Bamboyo sananame dala ayi, anangobwereza zimene Mayi eniake anauza mudzi wonse kwa zaka zambiri. Ntchito yawo yeniyeni inali kutsogolera ife ofunsa mafunso pa kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza zimene amayi amakumana nazo m'nyumba zawo. Koma dzina limeneli sankalola kuti lituluke m'chipinda chophunzitsiramo. Kunja tinali a kafukufuku wa umoyo wa amayi, basi. Amene anatchula dzina lenileni pa msika, kapena pa foni pouza mwamuna wake kumene akupita, ananyamula chikwama tsiku lomwelo kubwerera kwawo. Ngakhale madalaivala athu aamuna sankadziwa zimene tikufunsa, ndipo galimoto ankaiimika kutali, pa golosale, ife n'kulowa m'mudzi wapansi.

Sindinganame kuti anali munthu wokoma kukhala naye, chifukwa angandidzudzule ali m'manda momwemo. Anali munthu wamfupi, wa mawu ouma, ndipo uphunzitsi umene anausiya kalekale sunawachoke m'maso. Akakuyang'ana unkayamba kufufuza wekha chimene walakwa. Ambiri a ife tinkawaopa, ena ankawada ndithu. Ine ndinawakonda mochedwa, ndipo zimenezi zimandipweteka.

Tsiku loyamba la maphunziro ankatiyendera mmodzimmodzi ngati ana a sukulu pa mzere. Ndolo zichoke, mafuta onunkhira ayi, mawigi ayi, chitenje chikhale cha masiku onse. Ankati mayi amene wangochoka kumunda sangatsegule mtima wake kwa munthu wonunkhira ngati akupita ku ukwati. Akakupatsa mpando ukane mwaulemu, ukhale pamphasa pomwe iye wakhala. Kenako ankatiphunzitsa nkhope. Ankakhala kutsogolo kwako n'kuyamba kukufotokozera zinthu zoopsa, zongopeka koma zoti zimachitikadi, maso ali pa iwe, ndipo ukangoyasama kapena kunena kuti mayo ine, ankakuimitsa pomwepo. Ankati mayi akaona kuti wakudzidzimutsa amayamba kukumvera chisoni iweyo, zotsalazo n'kuzibwezera m'mimba.

Mawu oti nkhanza anawaletsa m'mafunso. Ankati tizifunsa chinthu chenichenicho: kodi anakumenyanipo mbama, kodi anakukanyanganipo pakhosi, kodi anakukakamizanipo kugona nawo inu musakufuna. Ukafunsa za nkhanza, mayi amayankha ndi mtima woona kuti ayi, bambo akunyumba alibe nkhanza, amangondimenya ndikalakwa. Yankho limeneli ndinalimva ndi makutu anga kuyambira kumpoto mpaka kuchigwa cha Shire.

Lamulo lalikulu linali lakuti mayi afunsidwe ali yekha, ndipo m'nyumba imodzi mayi mmodzi. Abale inu, kupeza munthu ali yekha pamudzi pathu si masewera. Mlendo akafika aliyense amabwera kudzapereka moni, apongozi amakoka mphasa n'kukhala chapafupi, ana amaunjirira tabuleti. Mayi Muhiwa anali ndi njira yawo. Munthu akangotulukira, makamaka mwamuna, unkasiya funso lili pakati n'kufunsa mokweza ndithu kuti nanga kumwezi munapita liti komaliza, ndipo magazi amatuluka ambiri bwanji. Sindinaonepo bambo amene anapirira mpaka funso lachiwiri. Ngakhale amene anabwera atakwiya ankakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sanamange. Apa pokha ndi pamene Mayi ankaseka, kuseka kwake kwa m'mphuno, kosakhalitsa. Ndipo pomaliza, ankatero, usamusiye mayi ali pakati pa misozi. Umuuze kuti wapirira zambiri, kuti wolakwa si iye, umuuze kumene kuli thandizo, kenako ucheze naye za ana kapena za mvula mpaka nkhope iume. Ukatuluka naye maso ali ofiira, wamugulitsa.

Chimene chinawaumitsa mtima chonchi sankachibisa. Ankachifotokoza kwa gulu lililonse latsopano, ataimirira, osayang'ana munthu. Pa kafukufuku wawo woyamba, m'boma lina la kutali, mayi wina anawauza zimene mwamuna wake ankamuchita. Nthawi imeneyo Mayi Muhiwa analinso mlangizi wa mabanja ku tchalitchi, ndipo anachita chimene mlangizi aliyense wa kuno akanachita osaganiza kawiri. Potsanzika anamuitanira bamboyo pambali, anamupatsa ulemu wake wonse, n'kumulangiza mofatsa kuti mkazi samenyedwa, amasamalidwa. Bamboyo anawathokoza, anawaperekeza mpaka pa galimoto. M'mawa mwake anamva kuti mayi uja amutengera kuchipatala pa ngolo. Nkhaniyo ankaithera pomwepo, osanena ngati mayiyo anachira, ndipo palibe amene analimba mtima kufunsa. Ankangowonjezera kuti zimene mayi wakuuza ndi zake, wangokusungitsa, ndipo ulibe ufulu wozipereka kwa wina, ngakhale kwa munthu wabwino.

Ndi mabwana a kulikulu ankakangana chaka ndi chaka. Ankawauza kuti atsikana sangamalize nyumba zambirimbiri pa tsiku ngati akuwerenga nkhuku, ndipo mkangano umenewo anaupambana. Anapambananso wa tiyi. Tikaweruka, dzuwa lisanalowe, ankatikhazika pansi ketulo ili pakati, aliyense anene mmene mtima wake ulili, koma osatchula zimene wamva kapena kwa yani. Ena a ife tinali ndi zathu za kunyumba zimene mafunsowo ankadzutsa, ndipo Mayi ankadziwa osauzidwa. Ukalira sankakusisita kumsana, ankangokuwonjezera shuga n'kudikira.

Mkangano umene sanaupambane unali wa kuchoka. Ankati timafika pamudzi, timatsegula chilonda cha munthu, timamulozera kumene kuli chipatala ndi polisi, ndiye galimoto yalira, tapita. Mabwanawo ankayankha kuti kafukufuku si chipatala, ntchito yake ndi yakuti dziko lidziwe kukula kwa vuto kuti malamulo ndi thandizo zibwere, ndipo ankanena zoona. Mayi ankavomera kuti ndi zoona. Chaka chotsatira ankayambiranso.

Chaka chimene ndinagwira nawo ntchito komaliza, ina mwa midzi imene inasankhidwa inali ya kwawo komwe, pakati pa sikimu ya mpunga ya Likangala ndi doko la Kachulu. Munthu sagwira kwawo, limenelo ndi lamulo, ndipo Mayi anakana. Koma amene amayenera kutsogolera gululo anadwala, ndipo panalibenso wina womva Chilomwe ndi Chiyao, zimene agogo ambiri a kuno amathawirako nkhani ikavuta. Anavomera monyinyirika atagwirizana kuti iwo sadzafunsa munthu aliyense, adzangoyang'anira ife amene tinali alendo. Tinapatsidwa nyumba ya aphunzitsi imene inali yopanda anthu, n'kumagona mmenemo.

Mayi amene ndinapatsidwa kuti ndimufunse ndimutcha Lusiya. Si dzina lake, ndipo mudzi wake sindiutchula. Mwamuna wake ndi msodzi, mwa amene amatha milungu ali pa nyanja ya Chilwa m'zimbowera, timisasa timene amamanga pa udzu woyandama. Pakhomo panali anthu ambiri, choncho Lusiya yemwe ndi amene ananena kuti tipite ku ndime yake ya mpunga, kumene ankakhala yekha tsiku lonse kuinga mbalame. Tinakhala m'kachisakasa kake. Ankayankha, kenako n'kudzuka kukoka chingwe cha zitini kuti mpheta ziuluke, n'kukhalanso. Zimene anandiuza ndidzapita nazo kumanda. Ndingonena kuti pofika kumapeto anali atalira mpaka maso kutupa, ndipo anati chibadwire palibe amene anamufunsapo.

Mphepo inali itavuta panyanja, asodzi anatuluka msanga, ndipo mwamunayo atapeza kuti mkazi wake wapita kumunda ndi mlendo anatilondola. Ndinamuona akubwera m'mbali mwa ngalande, nkhope ya Lusiya isanaume. Ndinayamba za kumwezi zija mokweza. Anaima, anabwerera ndithu, koma asanatembenuke anayang'ana maso a mkazi wake nthawi yaitali. Ndinakawauza Mayi zimene zinachitika. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati mwamunayo anamva funso lina lililonse, ndinati ayi.

M'mawa mwake mwamunayo anafika pamene tinkagona ali ndi nkhoswe yake. Iye kwawo ndi kutsidya kwa nyanja, kuno analibe m'bale, choncho pokwatira amene anamuimira unkhoswe anali mkulu wa mpingo, Bambo Yohane. Bambo Yohane ndi mlongo wawo wa Mayi Muhiwa, bere limodzi, wamng'ono wopondana nawo. Mayi anandiuza kuti ndisatuluke, ndipo zonse ndinazimvera pawindo.

Pamaso pa mwamunayo Mayi sanakweze mawu n'kamodzi komwe. Anati kafukufukuyu ndi wa umoyo wa amayi, mafunso ake ndi a kumwezi, a uchembere ndi a ana amene anamwalira, ndipo ndi mayi uti amene angafunsidwe za mwana amene anamuika m'manda osagwetsa msozi. Sananame, mafunso amenewo analimodi. Mwamunayo anayang'ana pansi, poti iwonso anataya mwana. Anang'ung'udza pang'ono, anatsanzika, anapita. Ine ndinapuma, ndinati zatha.

Koma Bambo Yohane sanapite. Anasendeza mpando pafupi ndi mlongo wawo n'kutsitsa mawu. Ndinene apa kuti Bambo Yohane si munthu woipa. Mabanja ambiri a kuno alipo lero chifukwa cha iwo, ndipo alipo amuna amene anasiyadi kumenya atawakhazika pansi. Anati iwo si mwana, akudziwa kuti mnyamatayo sachedwa kukweza dzanja, akhala akukayikira kuyambira kale, koma Lusiya sanadandaulepo, ndipo nkhoswe siilowa m'nyumba isanaitanidwe. Tsopano ngati mtsikanayo walankhula, awauze basi, mawa lomwe aitane nkhoswe ya kuchikazi, banjalo likhale pansi, mnyamatayo amve mawu a akuluakulu. Nanga unkhoswe ntchito yake si imeneyo? Kunena zoona, ine pawindo paja ndinkagwirizana nawo. Mayi anga omwe akanakhalapo akanagwirizana nawo.

Mayi Muhiwa anayankha kuti zimene Lusiya ananena iwo sakuzidziwa, sanafunse, ndipo ngakhale akanazidziwa sakananena. Apa mpamene Bambo Yohane anapsa mtima. Anati nkhani ya banja ndi ya ankhoswe chiyambire makolo, ndipo n'zochititsa manyazi kuti kamtsikana ka m'tauni kadziwe za m'nyumba imene iwo anaimanga, iwo eniake n'kumanidwa ndi mlongo wawo weniweni. Anati ngati zili choncho palibe kanthu, awakhazika pansi ndithu ngakhale asanauzidwe.

Ndinasuzumira pawindo. Mayi Muhiwa, amene sindinawaonepo akugwadira bwana aliyense, anali atagwada pa dothi pamaso pa mlongo wawo wamng'ono.

"Achimwene, mukawakhazika pansi tsopano, adziwa kuti mkazi wake walankhula. Inu muweruza bwino, mupemphera, mupita kwanu. Iye atsala naye m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. Ndapota nanu, dikirani mpaka Lusiya adzabwere yekha kwa inu."

Bambo Yohane anaimirira. Sanawadzutse.

"Chabwino, achemwali, sindilowamo. Koma chimene chidzachitike m'nyumba imeneyo chili pamutu panu, osati panga."

"Ndasenza," anatero Mayi.

Anadzuka okha, anasasa fumbi pa chitenje, analowa n'kutifunsa chimene tikudikira osapita ku ntchito. Tsiku limenelo anandikalipira kwambiri chifukwa sindinatchaje tabuleti.

Kuyambira pamenepo abale awiriwa ankangopatsana moni wa pamsewu. Pamudzi panamveka kuti Mayi Muhiwa sukulu inawalowa m'mutu, mwambo sakuudziwanso, ananyoza mlongo wawo pamaso pa alendo. Amayi ena a ku tchalitchi anayamba kuwatcha othetsa mabanja, ngakhale kuti palibe banja limene linatha. Iwo sanadziteteze, chifukwa kuti adziteteze anayenera kunena chimene tinkafunsa, ndipo mwamuna aliyense wa m'midzi imeneyo akanayamba kuwerengera kuti mlendo uja analowa nyumba iti.

Lipoti la kafukufukuyo litatuluka Mayi anaitanidwa ku hotela ina kumene linakakhazikitsidwa. Atabwerako ndinawafunsa mmene zinayendera. Anati ziwerengerozo ndi zoona, ndipo anayamikira kuti akuluakulu a dziko anazimva ndi makutu awo, palibenso amene anganene kuti kwathu kuno kulibe zimenezo. Koma anati iwo akudziwa kuti ndi zochepa, chifukwa alipo amayi ambiri amene anaona chithunzithunzi cha apongozi pakhonde n'kuyankha kuti ayi. Posakhalitsa anapuma pa ntchito.

Ine ndinkayesa kuti mawu aja oti ndasenza anali ongothetsera mkangano. Mayi anali ndi nyumba yabwino ku Zomba m'tauni, yamagetsi ndi madzi, ana awo anawakonzera kuti akapumiremo. Anaisiya, anabwerera kumudzi kumene anthu ambiri sankawafuna. Anapempha ndime ku sikimu. Anapatsidwa yabwino, pafupi ndi ngalande yaikulu, koma anaisinthanitsa ndi ya munthu wina ya kumapeto, kumene madzi amafika mochedwa. Anthu anati agogowa mutu wayamba kusokonekera. Ndime imeneyo inali yogundana malire ndi ya Lusiya.

Ulimi wa mpunga sankautha, abale, tinene zoona. Mbande zawo zinkapendama, udzu unkawapitirira, ndipo mbalame zinkadya kwawo kuposa kwa wina aliyense, chifukwa m'malo moinga ankangokhala m'chisakasa kumvetsera. Koma ndani angakayikire nkhalamba yosadziwa kulima imene ikupempha nzeru kwa mnzake wa pamalire? Mwamuna wa Lusiya yemwe ankawaseka, nthawi zina n'kuwapatsa matemba akatuluka panyanja, ndipo iwo ankalandira ndi manja awiri.

Ndinkawayendera mwa apo ndi apo. Za Lusiya sankandiuza kanthu, inenso sindinkafunsa. Chimene ndikudziwa ndi chimene ndinaona ndekha. Tsiku lina ndinawapeza awiriwo akutsika pa njinga za kabaza kuchokera kuchipatala, mkono wa Lusiya uli wokolekedwa m'nsalu, Mayi akuuza aliyense kuti wodwala ndi iwo, mnzawoyu anangowaperekeza n'kupezerapo mwayi woonetsa mkono umene anagwera pa ngalande. Ndinapsa mtima. Nditawapeza paokha ndinawafunsa kuti adikira mpaka liti, mpaka amuphe? Bwanji osangopita naye kupolisi? Anandiyang'ana ndi maso a uphunzitsi aja. Anati njira ya kupolisi Lusiya akuidziwa, ya kwa ankhoswe akuidziwa, amamukumbutsa nthawi ndi nthawi, ndipo tsiku limene adzanene kuti tiyeni adzamuperekeza ngakhale mvula ikugwa. Koma amene amaidziwa nyumbayo ndi mwini wake, ndipo mayi amene mwamukoka kutuluka asanakonzeke amabwerera yekha n'kukapeza zoposa zimene anasiya. Sindinagwirizane nawo. Ndinawauza kuti mantha a mayi uja wa pa ngolo awamanga manja, ndipo iwo anandiuza kuti ndikwere minibasi isanandisiye. Mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona pakati pa ife awiri.

Matenda awo sanatenge nthawi. Ana awo anawatengera ku Zomba akukana, akunena kuti mpunga watsala pang'ono, sangachoke tsopano. Anawo anadabwa kuti mayi awo ayamba liti kusamala za mpunga umene chaka chilichonse unkadyedwa ndi mbalame. Ndinakawaona kuchipatala atafooka kale. Sananditsanzike ndi mawu okoma ngati mmene anthu amafotokozera za akuluakulu ena. Anandiyang'ana kumutu n'kufunsa kuti wigiyo ndayamba liti.

Titachoka kumanda Bambo Yohane anandiitanitsa. Akalamba kwambiri tsopano, amayenda ndi ndodo. Anandikhazika pafupi, kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe anthu. Anati mlongo wawo wapita asanadye nawo mbale imodzi chichokere tsiku lija, ndipo zimenezi zikuwadya. Anati lonjezo anasunga, m'nyumba muja sanalowemo, ndipo Lusiya kwa iwo sanabwere. Zaka zonsezi akhala akumuona ku tchalitchi, tsiku lina akutsimphina, tsiku lina atafunda mpango mpaka m'maso, iwo nkhoswe ali kutsogolo akutsogolera nyimbo.

"Mwananga, amene anandiletsa wapita. Ndiuze tsopano, mtsikana uja ananena chiyani?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, kuposa mmene ndinayembekezera. Ndinati pepani bambo, sindingathe. Sanakwiye. Anagwedeza mutu, anati anakuphunzitsani bwino, kenako anavula chipewa n'kupukutira m'maso.

Lusiya pa maliropo ndinamuona kwa ophika, akutunga madzi, osalira mokweza, monga mnzawo wa kumunda chabe. Mwamuna wake anali mwa amene anakumba manda. Tinapatsana moni wa anthu osadziwana. M'mawa mwake, ndisanakwere minibasi, ndinapita ku sikimu.

Lusiya anali pa ndime yake. Atandiona anayang'ana uku ndi uku, anabwera mpaka pamalire, koma sanadutse. Anandifunsa kuti a kafukufuku aja tidzabweranso liti. Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa, ndipo ngakhale utachitikanso midzi imasankhidwa ina. Ndinayamba kumukumbutsa za kupolisi ndi za ankhoswe, koma anandidula.

"Njirazo ndikuzidziwa, achemwali. Chaka chino ndinali nditawauza Mayi Muhiwa kuti tikangokolola, tiyeni. Anati chabwino."

Ndinati ndibwera ine, ndidzamuperekeza ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osati mwachipongwe, n'kufunsa kuti mlendo wa m'tauni akamabwerabwera kumunda kuno anthu adzati wabwera kudzatani, ndipo bambo akunyumba akamva ndidzawayankha chiyani. Anadikira pang'ono, anati zikomo, anabwerera kwake.

Ndinatsala nditaima pa ndime ya Mayi. Mpunga unacha koma ndi mankhusu okhaokha, ngala zili zoyera, zoimirira. Chingwe cha zitini chinaduka, chagwera m'madzi. M'chisakasa muli mphasa yakale ndi makapu awiri a pulasitiki ovundikirika, ndipo denga layamba kugwera mbali imodzi. Akomiti a sikimu akuti akamaliza kukolola ndimeyo aipereka kwa bambo wina. Kutsidya kwa malire Lusiya anakoka chingwe chake, zitini zinalira, mpheta zinauluka kuchoka kwake n'kudzatera zonse kwa Mayi, ndipo panalibe woziinga.